Oyilo akamadontha pa njinga yamoto, musathamangire kukhwimitsa bauti

Ambiri a ife okwera njinga zamoto, kaya ndi Lifan, Boxer, King Lion kaya ina iliyonse ya kabazayi, tikangoona kadontho ka oyilo pansi pomwe njinga inagona, chomwe chimabwera m'mutu ndi kutenga sipanala n'kuonjezera kumanga. Mawa akadonthanso, kuonjezeranso, mwina mpaka kuvalika kapaipi pa sipanala kuti mphamvu ichuluke. Ndiye limafika tsiku loti bauti ija ikungozungulira osagwira, ndipo ntchito yomwe ikanatha ndi kawasha kamodzi yasanduka yokankha njinga kupita kwa amakaniko. Tiyeni tione mmene mungachitire nokha pakhomo osaononga injini.

Mfundo yoti muigwire musanakhudze chilichonse ndi iyi: bauti sitseka oyilo. Chomwe chimatseka ndi washa, gasiketi (kapepala kolimba kokhala pakati pa kava ndi injini), karabala kozungulira kaja amati O-ring, kapena oyilo sili (rabala yotseka oyilo pomwe shafti imatulukira mu injini). Ntchito ya bauti ndi kungopanikiza zinthu zimenezi pa mlingo woyenera basi. Zili ngati chitsekero cha chigubu chomwe rabala yake yam'kati inagwa, mupotokole mpaka manja apweteke, madzi azituluka ndithu. Ndipo kumbukirani kuti bauti ndi yachitsulo pomwe thupi la injini ndi aluminiyamu wofewa, nde ziwirizi zikalimbana, amagonja ndi mazinga a injini, omwe ndi odula kukonza, bauti yotchipayo n'kutuluka ili bwinobwino.

Yambani ndi kupeza komwe oyilo akuchokera

Apa ndi pomwe anthu ambiri amadumpha. Pomwe dontho lagwera si pomwe latulukira. Oyilo amatsika ndi thupi la injini, mphepo ya pamsewu n'kumukankhira kumbuyo, fumbi lathuli n'kumatirira, mapeto ake injini yonse pansi pamakhala matope akuda ndipo aliyense amangoloza bauti yotayira oyilo chifukwa ndi yomwe ili pansi kwambiri.

Tsukani kaye. Parafini pang'ono ndi kaburashi kakale ka mano kuchotsa matope aja, kenako madzi a sopo waufa, koma injini ikhale yozizira ndipo musathire madzi ku kabureta kapena kofikira mawaya. Isiyeni iume padzuwa. Ikauma wazani pawuda wa ana malo onse omwe mukuwakayikira, ngati palibe ngakhale ufa woyera umagwira ntchito. Lizani njinga, yendani nayo mphindi 10 kapena 15, bwerani muimike pa sitandi yapakati muike katoni yoyera pansi. Oyilo amajambula mzere wakuda pa pawuda uja, inu mungoutsata kukwera m'mwamba komanso chakutsogolo, pomwe mzere wayambira ndi pomwe pali vuto.

Chenjerani ndi oyilo wa tcheni. Anthu ambiri amathira oyilo wakale pa tcheni mpaka kuchucha, amakasonkhana mkati mwa kava ya sipuloketi yakutsogolo n'kumadontha usiku, munthu n'kumati injini ikutaya oyilo pomwe ili bwino. Ngati mlingo pa dipstick, kandodo koyezera oyilo kaja, sukutsika, mwina mlandu ndi umenewo.

Tsopano manambala

Torque ndi mphamvu yopotokola yomwe mumamangira bauti, ndipo m'mabuku a njinga amailemba mu Nm (newton-metre). Mabuku akale amalemba kgf·m, pomwe 1 kgf·m ndi pafupifupi 10 Nm, ndipo a ku America amalemba ft-lb, pomwe 1 ft-lb ndi 1.36 Nm. Muzionetsetsa kuti mukuwerenga ziti chifukwa mukasokoneza apa mumanga mopitirira osadziwa.

Chinanso chomwe chimasokoneza, ife timatchula bauti potengera sipanala yomwe imalowa pamutu pake, pomwe buku limatchula kunenepa kwa mazinga. Pa njinga za ku Japan ndi zotengera kumeneko, bauti yomwe mumamasula ndi sipanala ya 8 kapena 10 nthawi zambiri ndi M6 (kutanthauza mazinga onenepa mamilimita 6), ya sipanala 12 ndi M8, ya 14 ndi M10, ya 17 ndi M12. Munthu akaona 10 mm m'buku n'kuganiza kuti akunena kabauti ka sipanala 10 kaja, amakamanga ndi mphamvu yoposa katatu yomwe kamafuna, kuthyoka pompo.

Mabuku a Honda ali ndi mndandanda wa milingo ya mabauti wamba omwe sanapatsidwe nambala yawoyawo. M5 ndi 5 Nm, M6 ndi 10 Nm (ya mutu wokhala ndi kaphazi kotambalala, ya sipanala 10, imafika 12), M8 ndi 22 Nm (ya kaphazi 27), M10 ndi 34 Nm (ya kaphazi 39). Ndikutchula Honda chifukwa injini zambiri zachi China zomwe zili pa njinga zathuzi zinakopedwa ku Honda CG125, yomwe inatuluka mu 1975. Mukasuzumira kumanzere kwa injini chakumunsi n'kuona nambala yoyamba ndi 156FMI, 157FMI kapena 162FMJ, milingo ya mabauti ang'onoang'onoyi ikuthandizani. Komabe buku la njinga yanu likapereka nambala yake, imeneyo ndiye yolamula. Makamaka manati a cylinder head (mutu wa injini), amenewo osachita zongoganiza, ali ndi mlingo wake ndi dongosolo lake lomangira.

Taonani kuchepa kwa 10 Nm. Pa sipanala yotalika masentimita 25, ndi kukoka kwa makilogalamu 4 okha kumapeto kwake. Munthu wamkulu akakoka ndi mkono wonse amapitirira makilogalamu 20 osatuluka n'thukuta lomwe, imeneyo ndi 50 Nm pa kabauti kofuna 10. N'chifukwa chake masipanala ang'ono amawapanga aafupi, si kuti anaumira chitsulo ayi.

Chida chomangira

Ngati mungakwanitse, gulani torque wrench, sipanala yomwe imalira kuti kha mukafika pa mlingo womwe mwaitchera, yaing'ono, ya 1/4 (saizi ya povalika soketi), yoyambira cha m'ma 5 kufika cha m'ma 25 Nm. Imeneyi imakwana pafupifupi mabauti onse omwe amakhudzana ndi oyilo. Musabwereke chachikulu cha matayala a galimoto chija choyambira 40 kufika 200, pa kabauti ka kava sichingalire n'komwe, mudzangomva bauti ikuti thyo musanamve kulira kwake. Ngakhale yaing'onoyo siikhulupirika bwino kumayambiriro kwenikweni kwa sikelo yake, bola nambala yomwe mukufuna ikhale chapakati. Kokani pang'onopang'ono mutagwira pa chogwirira penipeni, ikangoti kha kamodzi siyani. Anthu ena amailiza kawiri katatu kuti atsimikize, kulira kulikonse akuonjezera kumanga. Musaigwiritse ntchito pomasula, ndipo mukatha ibwezeni pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yam'kati isatope.

Mulibe torque wrench? Pali njira. Pezani sikelo yopachika ija mavenda amayezera soya ndi chimanga, makamaka yaing'ono ya manambala. Yezani kutalika kwa sipanala kuchokera pakati pa bauti kufika pomwe mukoleke ngowe ya sikelo. Tengani Nm muchulukitse ndi 10, mugawe ndi masentimita aja, yankho ndi makilogalamu omwe sikelo ikuyenera kuonetsa. Mwachitsanzo 20 Nm pa sipanala ya masentimita 25 ndi makilogalamu 8, 15 Nm ndi 6. Pokoka, sikelo ikhale yopingasa ndi sipanala, osati mopendeka. Sizolondola ndendende ngati chida chenicheni koma zikuposa kutali kumanga ndi mtima, ndipo mukachita kangapo dzanja limayamba kuzolowera kuti 10 Nm imamveka bwanji.

Sipanala yake ikhale ya ring kapena soketi. Bobojani ndi pulayazi zimenezo zisiyeni, zimadya makona a mutu wa bauti.

Bauti yotayira oyilo

Iyi ndi yomwe imazunzika kwambiri chifukwa imamasulidwa pafupipafupi, a kabaza ena milungu iwiri iliyonse. Tenthetsani injini pang'ono kuti oyilo apepuke, zimitsani, pukutani mozungulira bauti kuti mchenga usalowe, ikani beseni. Pomasula samalani mbali, popeza bauti yayang'ana pansi mutu umasokonekera ndipo ambiri amaononga mazinga pomwepa, akuganiza kuti akumasula pomwe akumanga. Ganizani ngati mwagona pansi mukuyang'ana mutu wa bautiyo, imamasuka mobwerera m'mbuyo mosiyana ndi kayendedwe ka wotchi.

Bauti ikatuluka funani washa. Nthawi zina imatsalira itamatirira ku injini, munthu osaona n'kuika ina pamwamba pake, mawasha awiri amadontha. Nthawi zina imagwera mu beseni n'kutayidwa limodzi ndi oyilo, bauti n'kubwerera yopanda kanthu. Washa imeneyi ndi ya aluminiyamu kapena ya kopa, anaipanga yofewa dala kuti ikapanikizidwa iphwanyike pang'ono n'kudzaza timipata tomwe maso sangaone. Ikaphwanyika kamodzi imauma, ulendo wachiwiri siitsekanso bwino, nde apa ndi pomwe nkhani yoonjezera kumanga ija imayambira. Gulani zingapo nthawi imodzi muzisunga, m'mashopu a masipeya a njinga ku Limbe kapena cha ku Malangalanga ku Lilongwe mungotenga bauti kapena washa yakale kuti akuyezereni. Musalole washa yachitsulo yolimba ya ku hardware, kapena yodulidwa pakati ija ya sipuling'i, sizitseka oyilo zimenezo. Mukasowa pogwira ndipo yanuyo ndi ya kopa, itenthetseni pa mbaula mpaka ifiire, ikazizira imafewanso, muichotse mwaye ndi sandipepa yosalala. Ya aluminiyamu musayese zimenezi, ingosinthani.

Yang'anani mazinga a bauti. Mukaona tinyenyeswa tonyezimira ta aluminiyamu titakulungana m'mazinga, kapena kakoyilo ngati kawaya, dziwani kuti bowo layamba kutha. Pukutani bwino bauti ndi pakamwa pa bowo, pasakhale mchenga kapena chilonda chokala.

Pobwezera, lowetsani ndi zala zokha mpaka washa ikhudze injini. Bauti yabwino imalowa ndi zala mpaka kumapeto, ikalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri ndiye kuti yalowa chopendeka, bwezani muyambirenso, osakakamiza ndi sipanala. Kenako mangani pa mlingo wake. Pa njinga zazing'ono za bauti ya M12 mlingo umasewera pakati pa 20 ndi 30 Nm, mwachitsanzo Yamaha YBR125 ndi 20 Nm. Ngati buku mulibe, khalani chakumunsi kwa manambalawo, bola mudzaonjezere pang'ono mawa kusiyana ndi kudya mazinga lero. Kumbukiraninso kuti mazinga onyowa ndi oyilo amaterera, pa nambala yomweyo bauti imalowa kwambiri kuposa ikakhala youma, nde ichi ndi chifukwa china chopukutira.

Chitsekero cha sefa

Injini za mtundu wa CG zili ndi chitsekero chachikulu cha sipanala 24 kumanzere chakumunsi, mkati mwake muli sipuling'i ndi kasefa ka oyilo. Kukula kwa mutu wake kumapusitsa, anthu amaona 24 n'kubweretsa chisipanala chachitali. Chimenechi ndi cha aluminiyamu, ndi chamkati mopanda kanthu, ndipo Honda amati 15 Nm basi. Chomwe chikutseka ndi O-ring. Ikaphwatalala kapena kuuma moti mukaipinda ikuonetsa ming'alu, sinthani, mupake kaoyilo pang'ono pa yatsopanoyo kuti isapotokoke polowa. Tsukani sefa ndi parafini, onetsetsani mmene inakhalira musanaichotse kuti ibwerere chimodzimodzi, mbali ya rabala ndiyo imakhala ku injini, sipuling'i pambuyo pake. Popeza sipuling'i imakankha, dinikizani chitsekero ndi chikhatho uku mukuzungulitsa ndi dzanja mpaka mazinga agwirane bwino. Tizitsekero ta matapeti pamwamba pa injini zina timayenda lamulo lomweli, rabala yabwino ndi kumanga kochepa.

Makava ndi gasiketi

Kava ya kilatchi, ya magineto ndi ya pamwamba pa head zimamangidwa ndi timabauti ta M6 tambiri, ndipo apa vuto si mphamvu yokha komanso dongosolo. Mukaona thukuta la oyilo m'mphepete mwa kava, choyamba yesani bauti iliyonse pa 10 Nm injini itazizira, mwina ina inangomasuka ndi mabampu. Ngati zonse zili pa mlingo koma akutulukabe, gasiketi yatha, kuonjezera kumanga kungopinda kava kapena kufinya gasiketi mpaka kung'ambika.

Posintha, tayani oyilo kaye. Jambulani chithunzi cha kava pa katoni, boolani timabowo, bauti iliyonse mukamasula muibaye pamalo pake, chifukwa mabautiwa satalika mofanana ngakhale amaoneka ofanana. Yaitali ikalowa m'bowo lalifupi imagunda pansi isanapanikize kava, inu mumamva ngati yamanga koma oyilo akudutsa, mukakakamiza mumaboola kapena kung'amba thupi la injini. Yaifupi ikalowa m'bowo lalitali imagwira mazinga awiri atatu okha n'kuwazula. Kava ikakanirira igogodeni ndi chigwiriro cha mtengo, osalowetsa sikuludiraiva pakati n'kumatema, chilonda chomwe mungasiye pamenepo chidzadontha mpaka kalekale.

Palani gasiketi yakale yonse, ndi kapulasitiki kolimba kapena lezala mutaligoneka bwino. Onani timapaipi tating'ono tiwiri tomwe timaongolera kava kuti tilipo. M'mabowo a mabauti musatsale oyilo kapena madzi, pukutani ndi kansalu pa kawaya, chifukwa bauti ikapanikiza oyilo m'bowo lotsekeka amasowa kothawira ndipo amatha kung'amba aluminiyamu.

Za silikoni ndinenepo maganizo anga, amakaniko ambiri amamukonda mopitirira. Gasiketi yapepala yabwino pa malo oyera siifuna silikoni. Mukamupaka wambiri, yemwe wafinyikira kunja mumamuona n'kupukuta, koma wofanana naye wafinyikira mkati, amaduka n'kukatseka kasefa kaja kapena kanjira kopita ndi oyilo kumutu kwa injini. Kuthawa dontho n'kupha injini yonse. Ngati pali kachilonda pa aluminiyamu pakani kochepetsetsa pamalo pomwepo pokha.

Pomanga, lowetsani mabauti onse ndi zala kaye. Kenako mangani modumphadumpha, iyi kenako ya tsidya lake, osati motsatana mozungulira, ulendo woyamba pa theka la mlingo, wachiwiri pa 10 Nm yonse. Gasiketi yatsopano imakhazikika injini ikatentha n'kuzizira, nde mawa lake m'mawa yesaninso.

Pulagi siitaya oyilo koma ndiitchule chifukwa imafera matenda omwewa. Ya mazinga a 12 mm ngati D8EA imafuna pakati pa 15 ndi 20 Nm, ya 10 mm pakati pa 10 ndi 12. Ndi zala kaye, injini itazizira.

Pomwe sipanala singathandize

Madontho ena alibe bauti yoti mumange. Oyilo akamatuluka pa kachitsulo ka giya, pa shafti ya kiki kapena kuseri kwa sipuloketi yakutsogolo, imeneyo ndi oyilo sili, imafuna kusintha. Ya kuseri kwa sipuloketi imafa msanga tcheni akamamangidwa kwambiri, kapena udzu ndi ulusi wa matumba zikakulungana pa shafti. Ya pa giya ndi yophweka, chotsani chopondera, kolani sili yakale mosakanda shafti, kulungani selotepi pa mano a shafti kuti asadule yatsopano, pakani oyilo, ikankheni mowongoka ndi soketi yolingana nayo.

Musanasinthe masili onani zinthu ziwiri. Choyamba mlingo wa oyilo, injini zambiri za 125 ndi 150 zimadya pafupifupi lita imodzi, ndipo pa za mtundu wa Honda mumayeza njinga itaima chilili, dipstick mwangoikhazika osaimanga. Kuthira wopitirira poganiza kuti mukuikonda njinga kumangopangitsa oyilo kufuna potulukira. Chachiwiri kapaipi kopumira injini kaja kochokera pamwamba pa crankcase (thupi la injini momwe mumakhala oyilo), kakapindika kapena kutsekeka ndi matope mpweya umadzadza mkati n'kumakankha oyilo pa sili iliyonse, mungasinthe masili onse n'kumadonthabe. Kachotseni muuzire muone ngati mpweya ukudutsa.

Ngati mazinga adyeka kale

Mudzadziwa, bauti imalimba pang'ono kenako n'kufewa mwadzidzidzi. Siyani pomwepo. Tepi yoyera ya ma plumber, nsanza, ulusi, guluu wosakaniza uja, zonsezi zimagwira masiku ochepa, ndipo bauti yotayira oyilo ikagwa muli pa liwiro oyilo yense amathera kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, injini kuuma inu n'kugwa nthawi imodzi, mwina muli ndi kasitomala kumbuyo. Kukonza kwenikweni ndi kuika Helicoil, kakoyilo kachitsulo komwe kamabwezeretsa mazinga pa saizi yakale, kapena kudula mazinga atsopano okulirapo, M12 kupita M14, ndi bauti ndi washa yake. Zonse ziwiri zimafuna kuti bowo likhale lowongoka ndendende apo ayi washa siikhala mofanana, nde ngati simunagwirepo tap, chida chodulira mazinga m'bowo, pitani nayo kwa odziwa. Auzeni apake girisi pa tap kuti tinyenyeswa timatirire, ndipo akamaliza muthire oyilo pang'ono pamwamba atuluke ndi zotsalira musanatseke bauti.

Ntchito iliyonse mwa izi mukamaliza, pukutani injini iume, thirani oyilo pa mlingo, ilizeni mphindi zingapo mukuyang'ana pomwe munagwira, zimitsani mudikire pang'ono muyezenso. Usiku igone pa katoni yatsopano. Mukapeza tayala lakumbuyo kapena buleki zanyowa ndi oyilo, tsukani ndi sopo waufa musanatuluke nayo, ndipo ma shoe a buleki omwe amwa oyilo ndi osintha, satsukika. Oyilo wakaleyo muthireni mu chigubu chotseka mukasiye ku galaja, osati mu ngalande kapena pafupi ndi chitsime.